Mkamwini wa ku Nyenyezi

Amene akufuna kuseka asekeretu panopa mpaka atope, chifukwa ndikangoyamba sindifuna kuona mano a munthu. Inu a Yusufu, foni yanuyo ilowe m'thumba. Mwakhala mukutiwerengera kuyambira tiyi ali wotentha kuti anthu ophunzira akukangana, ena akuti n'zotheka kupanga chombo chachitsulo choti chipite ku nyenyezi chikabereke chinzake, chinzakecho chibereke china, mpaka kudzaza mlalang'amba wonse, uja mzere woyera wa kumwamba, pamene ena akuti zikanakhala zotheka bwenzi anthu a kumwambako atatipeza kalekale, ndiye poti sanabwere ndiye kuti kulibe. Ine ndikuti anabwera. Chombo chawocho chinatera konkuno ku Katuli, m'munda wa apongozi anga, dzuwa lili paliwombo, ndipo amene anachiletsa kudzaza mlalang'amba wanuwo ndi ine ndakhala panone, Che Bwanali, ndi bondo langa la nyamakazili. Walahi. Ngati ndikunama, tiyiyu anditsamwitse.

Zinali zaka zija za nkhondo ya ku Mozambiki. Ine ndinabadwira tsidya ilo la malire, ndipo tsiku limene mudzi wathu unapsa ndinathawa ndi malaya amene anali m'thupi ndi kawayilesi kakang'ono m'khwapa. Kuno anatilandira bwino, poti chiyankhulo n'chimodzi, mzikiti ndi umodzi. Sipanapite nthawi ndinakwatira Abiti Jafali, yemwe uja mumamuona akugulitsa zitumbuwa, koma nthawi imeneyo akamadutsa anthu ankagwa panjinga. Tsono mwambo wathu mukuudziwa: mwamuna amakakhala kwa mkazi. Munda ngwa kuchikazi, ana nga kuchikazi, nyumba umamanga ndiwe koma dothi limene yaimapo si lako. Mkamwini akalakwa amamutulutsira mphasa panja, iye n'kunyamula kubwerera kwawo. Koma ine kwathu kunali moto. Ndinali mkamwini wopanda kobwerera, ndipo ndinkachita mantha tsiku lililonse.

Apongozi anga ndinali ndisanawayang'anepo kumaso. Tikakumana panjira iwo ankapatukira uko, ine uku, monga mwa ulemu wake, ndipo mawu awo onse ankandipeza kudzera kwa mlongo wawo, Che Twaibu, mjomba wa mkazi wanga, amene ankayang'anira mbumba yonse. Chaka chimenecho, nthawi yokonza minda itakwana, apongoziwo anandibwereka khasu lawo, poti ine ndinalibe ngakhale singano. Linali khasu lakale, lolimira amayi awo, lakuthwa moti ukaliika pansi mosasamala linkayamba lokha kudula udzu.

Ndiye ndili m'munda, thukuta lili kamukamu, ndinamva kumwamba kukulira ngati lole yolemera ikutsika phiri yopanda mabuleki, ndisanatukule n'komwe mutu chinthu chija chinali chitagwa patsogolo panga, fumbi lake linakafika ku Chowe moti anthu kumeneko anaswali swala ya madzulo masanasana poganiza kuti kwada, mango onse a m'mudzi anapsa nthawi imodzi ndi kutentha kwake, ndipo ku nyanja ya Malombe chambo chinadumpha m'madzi n'kugwera m'mabwato chili chowambawamba. Mukumva? Fumbi litatsika ndinaona chinthu chachikulu ngati nkhokwe, chonyezimira, cha miyendo ngati ya nkhanu. Chinatulutsa khosi, n'kundinunkhiza, n'kundisiya poona kuti ndine nyama wamba, kenako chinanunkhiza khasu lija. Chinalitsomphola m'manja mwanga, n'kulikukuta ngati chimanga chokazinga, mpini n'kundilavulira pamapazi. Chitatero chinanjenjemera pang'ono, n'kunyonyomala, ndipo pansi pake panatuluka kamwana kofanana nacho ndendende, kakang'ono ngati bakha.

Ndinabwerera kumudzi ndi mpini wokha. Inuyo mukanandikhulupirira? Madzulo omwewo Che Twaibu anafika pakhomo panga, n'kukana mpando, n'kunena ataimirira kuti alongo awo akuti khasu ndasinthanitsa ndi usipa, ndipo likapanda kubwerera mvula yoyamba isanagwe, mphasa yanga ndikaipeza panja. Mkazi wanga anali woyembekezera nthawi imeneyo. Anangolowa m'nyumba n'kumalira chamumtima, ndipo ine ndinadziwa kuti mwana wangayo adzabadwa ine ndili kutchire, kapena m'manja mwa zigawenga.

Kutacha palibe amene ankakayikanso. Chimayi chija, kapena chibambo, poti nthawi imeneyo tinali tisanadziwe, chinalowa m'mudzi ndi kamwana kake, n'kuyamba makasu a pakhonde, n'kupita ku nkhwangwa, zikwanje, ndowa, mabirika a kumzikiti, zitini za mafuta ophikira zimene othawa nkhondo tinkalandira, makina osokera a telala iye ali pakati posoka thalauza, malata a sitolo mpaka mwini wake anapezeka akugulitsa sopo pamtetete, misomali ya m'zitseko moti zitseko za mudzi wonse zinagwa pamodzi ngati zapangana, ndipo chilichonse chikadya chinkabereka, mwanayo akadya ankabereka, moti pofika masana agogo, ana ndi zidzukulu ankangopondana pabwalo. Amene anadya njinga anabadwa ndi belu. Amene anadya makina osokera ankayenda akusiya msoko pansi. Munaonapo mmene namasupuni amatsekera mtsinje wa Shire pa mlatho wa ku Mangochi? Ndi mmene zinalili m'njira za Katuli. Ine mumtima ndinati bola, tsopano apongozi aona okha kuti sindinaname. Koma mawu amene anabwera ndi Che Twaibu anali akuti makasu a ena si nkhani yawo, lawolo linali m'manja mwa mkamwini, ndipo mvula ikubwera.

Pamenepo ndinakwiya. Masiku amenewo ndinali ndi mphamvu, osati izi mukuona lerozi. Ndinkatha kunyamula ng'ombe kuti ndione ngati pansi pake pali chingwe changa. Ndinatenga musi, poti mtengo sizinkadya, n'kulasa nawo kamodzi kamene kankatafuna poto wa mkazi wanga. Kanaphwanyika zidutswazidutswa, ndipo ndisanamalize kudzitama chidutswa chilichonse chinamera miyendo n'kuthamangira kukafuna chakudya. Ndinamenya china, chimodzimodzi. Ndinazindikira kuti ndikuzithandiza kubereka, ine ndasanduka mzamba.

Ndiye ndinataya musi n'kugwira chimodzi chachikulupo mwendo kuti ndikachiponye m'chitsime, koma icho chinadzidzimuka n'kuuluka nane, kupitirira mitengo, kupitirira akabawi, kupitirira pamene mphepo imathera, mpaka ndinaona nyanja yonse ngati madzi otsala m'beseni, mlatho wa ku Mangochi ngati kamtengo ka machesi, asodzi a ku Lungwena akukoka khoka ngati nyerere zakoka ulusi, ndipo kuzizira kwake kunali koti ndinatsokomola chitsokomolocho n'kuuma pompo, ndinachita kuchikankha ndi dzanja kuti ndione kutsogolo. Mukumva? Nditatembenukira kum'mawa ndinaona kwathu. Ndinaona utsi, ndi minda yomera tchire, ndi pamene panali nyumba ya amayi anga pali bwalo lakuda. Ndinalira, sindibisa, ndipo misozi yanga inagwa ngati matalala cha ku Chiponde. Ndinadziuza kuti uko sindingapite, ndiye zanga ziyenera kukonzeka pansi pomwepa. Ndinasiya mwendo uja, n'kugwira utsi wa moto wolusa umene unkakwera kuchokera m'phiri, n'kutsetsereka nawo mpaka pansi. Zikhatho zanga zakudazi n'chifukwa chake.

Nditafika pakhomo ndinapeza chachikulu chija chitameza kawayilesi kanga, chinthu chokhacho chimene ndinachoka nacho kwathu. Zinandiwawa, koma ndi zimene zinatipulumutsa, chifukwa chitangomeza chinayamba kuyankhula, ndipo mawu ake anali a bambo uja wowerenga mauthenga a maliro, moti chilichonse chimene chinkanena munthu unkayembekezera kumva tsiku loika. Ine ndinaganiza kuti nkhonya zakanika, tiyeni tiyese ulemu. Ndinayala mphasa, ndinapereka salamu, n'kuchifunsa monga timafunsira mlendo aliyense: kwanu n'kuti, mwadzera njira iti, ulendowu ngwa kuti.

Chinayankha bwinobwino. Chinati kwawo ndi ku nyenyezi ina yakutali moti kuwala kwake kumafika kuno kutakalamba, ndipo eni ake ndi anthu anzeru koma aulesi pa maulendo, ndiye m'malo mopanga zombo zambirimbiri anangopanga chimodzi n'kuchiuza kuti pita, ukapeza chitsulo idya, ukadya bereka, ana ako aliyense atenge nyenyezi yake akachite chimodzimodzi, ndipo nyenyezi zonse zikadzadzaza ife tidzabwera pambuyo kudzamanga midzi. Chinati icho ndi chidzukulu cha chidzukulu cha choyambacho, ndipo makolo ake onse ankatera pa miyala yopanda munthu, popanda ngakhale buluzi, ankangodya, kubereka n'kumapita. Ndinafunsa kuti nanga kuno achoka liti. Chinati chitsulo cha dziko lino chikuchepa kale, ndiye mphezi ya mvula yoyamba ikang'anima ana onse akwera pa iyo n'kubalalika kumwamba. Ndinayang'ana kumpoto, mitambo inali itayamba kale kuunjikana.

Pamenepo m'pamene ndinaseka, abale anga, kuseka kwenikweni mpaka kugwira nthiti. Chifukwa ndinachiyang'ana chinthu chija n'kudziona ndekha. Wachokera kutali, wafika chimanjamanja, wadya za eni mudzi, waberekera pa dothi la eni mudzi, ndiye ukuganiza kuti ana ndi ako? Ameneyu sanali mzimu kapena chilombo. Anali mkamwini amene sanalangizidwe.

Ndinathamanga kukaitana Che Twaibu, ndipo iwo anaitana amayi onse a mbumba, tinakhala pansi pa mtengo wa mango, chitsulo chija pakati, ana ake atazungulira mpaka kumsewu, a mabelu aja akungoliza. Apongozi anga anakhala cha kumbali atandifulatira. Ine ndinapempha kuti ndifunse ndine, poti ululu wa ukamwini ndinkaudziwa kuposa onse. Ndinachifunsa kuti anawa chinabereka ndi yani. Chinati chokha, sichifuna wina. Ndinati chabwino, nanga m'mene munkagwa kuchokera kumwamba munali nawo? Chinati ayi. Nanga thupi la woyamba uja linachokera kuti? Chinanena ndi mawu a maliro aja kuti linachokera m'khasu. Ndinati ndiye kuti inu munangobweretsa maonekedwe, monga amachitira mwamuna aliyense, koma mnofu ndi mafupa n'za khasu, ndipo khasulo lili ndi mwini wake, ndowa zija zili ndi eni ake, mapoto aja ali ndi eni ake, ndipo onsewo ndi awa akhala apawa. Amayi aja anayamba kuwomba m'manja. Kenako apongozi anga anatsokomola n'kuyankhula, ndipo kanali koyamba kuti ndimve mawu awo ndi makutu angawa.

"Mwana wa khasu langa sapita kwa abambo ake," anatero osatembenuka. "Akhala pano, alima."

Mukanaona! Chitsulo chija chinayamba kuganiza, ndipo chikamaganiza chinkatentha, moti madzi a m'mitsuko anawira, nkhuku zimene zinali pafupi zinaikira mazira ophikaphika, ndevu za Che Twaibu zinapiringizika mpaka lero adzukulu awo amabadwa ndi tsitsi lotero, icho chikufufuza m'mutu mwake malamulo onse amene eni ake anachipatsa, kuyambira oyamba mpaka otsiriza, ndipo pansi penipeni chinapeza limodzi lakale lomwe linali lisanagwirepo ntchito, lonena kuti chinthu chikakhala ndi mwini wake usachoke nacho. Eni akewo analiika poopa milandu ndi anansi. Koma pa miyala yonse ija panalibe amene ananenapo kuti ichi n'changa. Mtundu wonse wa zitsulozi, chiyambire, unali usanakumanepo ndi apongozi.

Chitazizira chinafunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga ine?"

Che Twaibu anachiyankha mmene amayankhira mkamwini aliyense. Anati njira ili apo, palibe wakumangani, mphezi ikabwera kwerani, koma mupita nokha. Mukafuna kukhala, malo alipo kuseri kwa nkhokwe, koma muzilima. Chinatembenuza khosi lija n'kuyang'ana ana ake mmodzimmodzi, ndipo kaja koyamba, ka khasu la apongozi, kanabwera n'kudzakhala pa phazi lake. Madzulo ake mvula inagwa, mphezi inang'anima mpaka kuonetsa nsabwe m'mutu mwa munthu, koma palibe chimene chinakwera. Kutacha ndinachipeza kuseri kwa nkhokwe chitanyowa, chikundidikira kuti ndichisonyeze munda.

Chaka chimenecho tinalima, anthu inu. Ana aja anaunda mizere kuyambira kuno mpaka kukagunda phiri tsiku limodzi, ena anapitirira n'kulima msewu mpaka tinachita kuwabweza, chimanga chinatalika moti pokolola tinkatuma anthu ndi kamba wa panjira, ndipo chitsononkho chimodzi tinachigoba n'kugulitsa kwa asodzi ngati bwato. Kaja koyamba kanapita kwa apongozi, kankapalira kokha iwo atakhala pamthunzi, ndipo kakatopa kankawakanda kumsana. Za kuberekana mwachisawawa zija amayi a mbumba anazithetsa tsiku limodzi. Anachitengera chibambo chija kuseri n'kuchilangiza kuti kuno mwana satsatidwa ndi mnzake asanayende, ndipo aliyense wofuna kubereka ayambe wapempha chitsulo kwa mwini wake. Inu mukudziwa mmene mayi wa ku Katuli amakanira poto wake. Kuyambira pamenepo sikunabadwenso ngakhale kamodzi.

Sabata yomweyo ya mvula yoyamba ija Che Twaibu anabweranso pakhomo panga. Ulendo uno analandira mpando, anamwa madzi, n'kunena kuti alongo awo akuti mphasa ikhale m'nyumba momwemo. Anangonena zomwezo basi. Mkazi wanga anaseka koyamba chigwereni chitsulo chija, ndipo mwana wathu atabadwa ndinalipo, ndinamunong'oneza ndekha mawu a Mulungu m'khutu.

Ndiye a Yusufu, mukawauze ophunzira anuwo kuti mbali zonse ziwiri akulondola pang'ono. Chombo chobereka n'chotheka, ndinachiona, ndinasenza nacho mitolo ya udzu. Koma chodzaza mlalang'amba n'chosatheka. Pa miyala yopanda anthu chikhoza kuthamanga, koma tsiku lina chidzatera pamudzi, ndipo kulikonse kumene kuli mudzi kuli apongozi. Eni ake kumwambako ankachiitana, ndinkamva ndekha kawayilesi kaja kakukhosomola m'mimba mwake tikamapalira, akufunsa kuti wafika pati, ana ali kuti, unyamuka liti. Icho chinkangoyankha kuti mawa. Mukuti chili kuti tsopano? Dzimbiri, bambo. Chinakalamba monga tikukalambira tonse, ana ake anatha m'minda ngati mmene amathera makasu, icho tinachiika kuseri kwa nkhokwe komweko ndipo pamwamba pake pamera chulu. Amene akufuna akakumbe, koma ayambe wapempha kwa mkazi wanga, poti dothilo si langa.

Mukuseka. Sekani, koma ine ndikudziwa chimene chimagwira mlendo mwendo. Nkhondo itatha kunabwera malole kudzatenga othawa kwawo, ndipo ine ndinamanga kamtolo kanga, ndinatsanzika, ndinafika mpaka pamsewu apo pali chigayo. Mwana wanga wamkazi, uja anabadwa chaka cha chitsulo, anandiperekeza atagwira thalauza langa, mng'ono wake ali kumsana kwa amake. Anthu ankakwera, ena akuimba. Ine ndinkadziwa kuti njira ili apo, palibe wandimanga, koma ndikwera ndekha. Ndinauza dalaivala kuti apite, ine ndikwera ya mawa.

Sindidandaula. Ndadya bwino kuno, adzukulu anga akhoza kudzaza mzikiti, ndipo apongozi aja pomwalira anaitanitsa ine kuti ndiwatembenuze pamphasa yawo. Koma musandiuze kuti chitsulo chingabereke pamudzi wa anthu n'kupitirira ulendo wa ku nyenyezi. Ine ndine munthu wa miyendo iwiri, kwathu ndi kuseri kwa phiri mukuliona ilo, ndipo mpaka lero sindinafike.